Msonkho wa pa botolo sutsuka mitsempha

Munthu akalowa m'sitolo ya OXXO ku Mexico, kaya ndi ku Monterrey, ku Mérida kapena mu Mexico City momwe, maso ake amayamba agunda zidindo zakuda asanaone n'komwe mtengo wa katundu. Ndi zidindo za ngodya 8, zoikidwa pamaso penipeni pa paketi kapena botolo. China chimati EXCESO AZÚCARES, kutanthauza kuti muno shuga wanyanya. China chimati EXCESO GRASAS SATURADAS, mafuta oundana aja anyanya. Paketi imodzi ya mabisiketi imatha kusenza zidindo zitatu ngati pasipoti ya mayi wa geni yodumpha malire. Lamulo lokakamiza makampani kudinda machenjezowa linayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2020, ndipo chaka chotsatira tizidole tokopa ana tinachotsedwa pa mapaketi okhala ndi chidindo.

Akatswiri a zaumoyo m'mayiko ambiri amawombera Mexico m'manja chifukwa cha zimenezi. Inenso ndikuwomba nawo, koma mosakweza, chifukwa ntchito imene yagwiridwa ndi theka chabe. Nkhondo ya m'sitolo anthu a ku Mexico ayimenya molimba mtima. Ya m'chipatala ayisiya panjira. Ndipo mafuta amene aunjikana kale m'mitsempha ya bambo wa zaka 50 sadziwa kuwerenga chidindo.

Chabwino chimodzi n'chakuti dzikoli limadziyeza. Bungwe la boma la Instituto Nacional de Salud Pública, lomwe likulu lake lili ku Cuernavaca, limayendetsa kafukufuku wa dziko lonse wotchedwa ENSANUT. Antchito ake amayenda khomo ndi khomo, kukweza anthu pa sikelo, kuwayeza m'chiuno, kuwafunsa mafunso, ndipo ena amawatenga magazi m'mawa asanalawe kanthu. Mu 2006 anayeza magazi a anthu opitirira pang'ono 4,000 a zaka 20 mpaka 69. Gulu la dokotala Carlos Aguilar-Salinas litawerengetsera, linapeza kuti anthu 43.6 pa 100 alionse anali ndi cholesterol, mtundu wina wa mafuta a m'magazi, wofika kapena kupitirira 200 mg/dl, pomwe madokotala amayambira kukweza nsidze. Anthu 31.5 pa 100 anali ndi mafuta a mtundu wa triglyceride ochuluka. Vuto lofala kuposa onse linali kuchepa kwa HDL, cholesterol wotchedwa wabwino, lomwe linapezeka mwa anthu 60.5 pa 100. Tangoganizani minibasi ya anthu 15, mwa iwo 9 ali nalo vutoli.

Koma nambala imene imandisowetsa mtendere ndi ina. Mwa anthu onse amene anapezeka ndi cholesterol wokwera, 8.6 pa 100 okha ndi amene ankadziwa. Ena onsewo sankadziwa. Kafukufuku wa 2012 atabwera, okhala ndi triglyceride wochuluka anali atayandikira theka la akuluakulu onse, ndipo odziwa vuto lawo anali adakali munthu mmodzi mwa 8 kapena kuyandikira pamenepo. Olandira mankhwala anali ochepa kuposa pamenepo. Manambala a zaka zosiyana sayenera kulumikizidwa mwachisawawa ngati mikanda, poti kayezedwe kamasinthako, koma chithunzi chake n'chimodzimodzi: odwala ndi ambiri, odziwa ndi ochepa, othandizidwa n'ngowerengeka.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambiwu umagwira ntchito pa malungo, pa dzino, pa chilonda. Pa mafuta a m'magazi umagwa chagada, chifukwa palibe chimene munthu amamva. Mutu suwawa, thupi silitentha, chakudya chimalowa bwinobwino. Amene akudikira kuti amve kanthu kaye ndiye apite kuchipatala, kawirikawiri chimene amadzamva ndi chifuwa kuthina ngati wachiikapo thumba la simenti, kapena mkono ndi mwendo kufa mbali imodzi. Pamenepo chitseko amatsekula ndi ena, iye ali pa machira.

Ndifotokoze pang'ono zilembo zija, poti nkhani yonse yagona pamenepo. Mafuta sasakanikirana ndi madzi, ndipo mbali yaikulu ya magazi ndi madzi. Choncho thupi limanyamula mafuta m'timatumba tokutidwa ndi mapuloteni. Timatumba ta LDL timanyamula cholesterol kupita naye m'thupi monse. Tikachuluka timalowerera m'khoma la mtsempha, n'kumaunjikana chaka ndi chaka monga matope m'ngalande, mpaka tsiku lina chotupacho chimang'ambika, magazi n'kuundana pomwepo, njira n'kutsekeka. Ikatsekeka mumtima ndi matenda a mtima aja ogwetsa munthu mwadzidzidzi. Ikatsekeka mu ubongo ndi sitiroko. Timatumba ta HDL timatola cholesterol wotsala n'kumubwezera ku chiwindi, n'chifukwa chake anthu amamutcha wabwino. Triglyceride ndiye mafuta enieni osungira mphamvu, omwewo amene amapanga mimba ya abwana. Akachuluka mopitirira muyeso, madzi a magazi m'kabotolo ka ku labu amayera ngati mkaka, ndipo kapamba amatha kutupa koopsa.

Tsono chizindikiro cha Mexico ndi ichi: triglyceride pamwamba, HDL pansi, mimba patsogolo, matenda a shuga ali pakhomo kapena alowa kale. Zinayizi zimayendera limodzi ngati ana a mayi mmodzi.

Munthu wakunja akamva za mafuta m'magazi a anthu a ku Mexico amathamangira kuloza chiwaya. Amatchula carnitas, nyama ya nkhumba yophikidwa m'mafuta ake omwe. Amatchula chicharrón, chikopa cha nkhumba chokazinga. Amatchula tamales, amene ufa wake amaukanda ndi mafuta a nkhumba, ndipo mu Mexico City ena amalowetsa tamal mkati mwa buledi n'kudya m'mawa popita kuntchito, chakudya chomwe amachitcha guajolota. Eni akewo amaseka okha kuti amadalira vitamina T, poti tacos, tortas ndi tamales zonse zimayamba ndi chilembo chimenecho. Sindikuchotsera mlandu mafuta a nkhumba. Mafuta oundana amakweza LDL, ndipo LDL ndi amene amatseka mitsempha. Koma nkhumba zinafika ku Mexico ndi Asipanya zaka pafupifupi 500 zapitazo, pomwe mliri tikukambawu wakula m'zaka 40 zokha. Pali china chimene chinalowa m'nyumba posachedwa.

Chinalowa m'botolo. Shuga wa m'zakumwa zoziziritsa kukhosi, theka lake kapena kupitirira pang'ono ndi mtundu wa shuga wotchedwa fructose, ndipo fructose amathera m'chiwindi. Akabwera wambiri nthawi imodzi, wopanda gaga womuchedwetsa m'matumbo, chiwindi chimamusandutsa mafuta. Ena chimasunga, n'kuyamba kunona chokha. Ena chimawatumiza m'magazi ngati triglyceride, ndipo triglyceride akakwera HDL amatsika. Mowa umachitanso chimodzimodzi. Munthu akhoza kukhala wosadya nyama mwezi wathunthu chifukwa chosowa ndalama, koma magazi ake ali ndi mafuta ochokera ku botolo limene amatsitsira tortilla, mkate wawo wopyapyala wa chimanga, masana alionse.

Ndipo Mexico ili m'gulu la mayiko omwa kwambiri zakumwazi padziko lonse. Sizinangochitika zokha. Mgwirizano wa zamalonda wa NAFTA, wa pakati pa Mexico, America ndi Canada, utayamba mu 1994, zakudya za m'mapaketi ndi masitolo akuluakulu zinasefukira, alimi ang'onoang'ono ambiri anasiya minda n'kulowera m'matauni kapena kuwoloka malire. Kampani ya FEMSA, yomwe imathira Coca-Cola m'mabotolo, ndi yomwenso ili ndi masitolo a OXXO opitirira 20,000. Vicente Fox, amene analamulira dzikoli kuyambira 2000 mpaka 2006, anali atakhalapo mkulu wa Coca-Cola ku Mexico. Ku mapiri a Chiapas, m'tauni ya San Cristóbal de las Casas, anthu akhala akudandaula kuti madzi a m'mipope amabwera mwa apo ndi apo, pomwe fakitale ya zakumwa ili pomwepo ikupopa madzi apansi. Pafupi ndi pamenepo, m'tchalitchi cha San Juan Chamula, chakumwachi chinalowa mpaka m'miyambo ya mapemphero ndi machiritso. Kumene madzi akumwa ndi osadalirika, botolo lotsekedwa bwino limaoneka ngati bwenzi.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa pali chibale chenicheni pakati pa mbale yathu ndi yawo. Chimanga chimene timati ndi moyo chinawetedwa ku Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Munda wawo wachikale, umene amautcha milpa, ndi chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi, chimodzimodzi ndi munda wa agogo kumudzi. Iwo amawiritsa chimanga m'madzi a laimu (njereza) asanachipere, ndipo zimenezo zimamasula vitamini wa niacin kuti thupi limugwiritse ntchito. Mbewu inawoloka nyanja, nzeruyo inatsala. N'chifukwa chake matenda a pellagra, obwera chifukwa chosowa niacin, anavuta ku Ulaya ndi mu Africa muno, kuphatikizapo pakati pa othawa nkhondo a ku Mozambique amene anali m'Malawi cha m'ma 1990. Ndikutchula izi pofuna kunena kuti mbale yachikale ya ku Mexico, tortilla ndi nyemba ndi masamba ndi tsabola, sinali mbale yopha. Nyemba zimathandiza kutsitsa cholesterol. Chimene chachitika n'chakuti nyemba zachepa m'mbale, ndipo malo ake atenga buledi wotsekemera, soseji ndi botolo.

Pali ena amene amathawira ku chibadwa. Amati anthu a ku Mexico anabadwa choncho, ndi zakumtundu. Muli choonadi pang'ono m'mawuwa, ndipo asayansi a ku Mexico komweko ndi amene anachifukula. Anapeza kusintha kwina kwa jini (kachidutswa ka chibadwa kochokera kwa makolo) ya ABCA1, kotchedwa R230C, komwe kumapezeka mwa anthu a mtundu wa eni nthaka a ku America ndi zidzukulu zawo, ndipo kumatsitsa HDL. Mu 2014 gulu la ofufuza lotchedwa SIGMA linalengeza za kusintha kwa jini ina, SLC16A11, komwe n'kofala mwa eni nthaka koma n'kosowa ku Ulaya ndi ku Africa. Kusinthaku kumakhudza mmene chiwindi chimasamalira mafuta ndipo kumakweza chiopsezo cha matenda a shuga.

Koma taonani a mtundu wa Pima. Ena amakhala ku Arizona, m'dziko la America. Abale awo amakhala ku Maycoba, m'mapiri a Sonora ku Mexico, ndipo pa nthawi imene ankafufuzidwa ankalima ndi manja, kutema nkhuni ndi kudya za m'munda mwawo. Magazi ndi amodzi. Lipoti la mu 2006 linasonyeza kuti matenda a shuga anali mwa anthu 38 pa 100 ku Arizona, pomwe ku Maycoba anali mwa anthu pafupifupi 7 pa 100. Chibadwa ndi udzu wouma, koma udzu suyaka wokha. Ndiponso ngati mtundu wa anthu uli ndi chiopsezo chachikulu chobadwa nacho, ndiye chifukwa chowayezera msanga ndi kuwathandiza msanga. Amene amatchula chibadwa kuti apinde manja atembenuza nkhani.

Tsono boma linachitapo chiyani? M'sitolo linachita zambiri, ndipo tisazichepetse. Mu Januwale 2014, pansi pa Pulezidenti Enrique Peña Nieto, linaika msonkho wa peso imodzi pa lita iliyonse ya chakumwa chothira shuga, komanso msonkho wa 8 pa 100 pa zakudya zonona za m'mapaketi. Ofufuza motsogozedwa ndi Arantxa Colchero anapeza kuti m'chaka choyamba kugula zakumwazi kunatsika ndi 6 pa 100, ndipo pofika Disembala kutsikako kunafika 12 pa 100. Mabanja osauka ndi amene anachepetsa kwambiri. Mu Novembala 2016 unduna wa zaumoyo unalengeza kuti kunenepa kwambiri ndi matenda a shuga ndi mliri wofunika kuthana nawo mwachangu. Mu 2020 dera la Oaxaca linaletsa kugulitsa zakumwazi ndi zakudya zonona za m'mapaketi kwa ana. Mu 2023 nyumba ya malamulo inaletsa mafuta a trans opangidwa m'mafakitale, amene ndi oipa kuposa mafuta ena onse chifukwa amakweza LDL uku akutsitsa HDL. Mu Malichi 2025 boma la Claudia Sheinbaum linachotsa zakudya zokhala ndi zidindo zija m'masukulu.

Sizinabwere pa mbale. Mu Febuluwale 2017 bungwe la Citizen Lab la pa yunivesite ya Toronto linaulula kuti mafoni a anthu atatu olimbikitsa msonkhowu, Simón Barquera wa ku bungwe la Cuernavaca lija, Alejandro Calvillo wa bungwe loteteza ogula la El Poder del Consumidor ndi Luis Encarnación, anatumiziridwa mauthenga okhala ndi pulogalamu yaukazitape ya Pegasus. Chida chimene opanga ake amati n'chosakira zigawenga chinalozetsedwa kwa wasayansi wa zakudya. Ngati wina akukayika kuti m'botolo muli ndalama zoti munthu n'kuchita nazo mantha, ayambire pamenepo.

Komabe ENSANUT ya 2022 inapeza kuti akuluakulu atatu mwa anayi alionse ndi onenepa kupitirira muyeso, ndipo 18 pa 100 ali ndi matenda a shuga, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a iwo osadziwa. Bungwe la ziwerengero la INEGI linawerenga imfa pafupifupi 190,000 za matenda a mtima mu 2023, kuposa chifukwa china chilichonse, ndipo matenda a shuga anatsatira ndi pafupifupi 110,000. Adani a msonkho amanyamula manambalawa n'kumati onani, sunagwire ntchito. Ayi. Msonkho wa peso imodzi sukanagwetsa phiri limene lamangidwa zaka 40. Msonkho ndi chidindo n'zoteteza mwana amene ali ku pulayimale lero, ndipo phindu lake lidzaoneka iye akadzafika zaka 45 mitsempha ili yoyera. Funso langa ndi la amene anafika kale pamenepo. Iwowo ndi mamiliyoni ambiri, ndipo ndi amene akudzaza manambala a INEGI chaka chino ndi chaka chamawa.

Kwa iwo mankhwala alipo, ndipo si atsopano kapena odula. Mapiritsi a gulu la statin, amene chiyambi chake ndi ntchito ya wasayansi wa ku Japan Akira Endo m'zaka za m'ma 1970, amachepetsa cholesterol amene chiwindi chimapanga, ndipo chiwindicho chimayamba kukoka LDL m'magazi. Ofufuza ataphatikiza mu 2010 zotsatira za anthu pafupifupi 170,000, anapeza kuti LDL akatsika ndi 1 mmol/L, womwe ndi pafupifupi 39 mg/dl, ngozi zikuluzikulu za mtima ndi sitiroko zimachepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu kapena kuposerapo pang'ono. Atorvastatin ndi simvastatin anatuluka kale m'manja mwa makampani amene anawatulukira, aliyense akhoza kuwapanga. M'mankhwala onse amakono, ndi ochepa amene ali ndi umboni wochuluka chonchi pa mtengo wotsika chonchi.

Nanga n'chifukwa chiyani safika? Chifukwa matenda osamveka amafuna chipatala chokhala ndi chikumbukiro. Pamafunika wina woyeza munthu amene sanadandaule, kumuuza zotsatira m'mawu omveka, kumupatsa mapiritsi, kumuyezanso pakapita miyezi itatu, ndi kuonetsetsa kuti mwezi uliwonse mapiritsiwo alipo pa windo. Ndipo m'zaka zomwezo zimene Mexico inkapambana m'sitolo, inali ikugwetsa ndi kumanganso nyumba ya zaumoyo ya anthu osauka. Ogwira ntchito zolembedwa ali ndi bungwe lawo la zaumoyo la IMSS, a m'boma ali ndi la ISSSTE. Otsalawo, ogulitsa mumsewu, alimi, antchito a m'nyumba, ankadalira inshulansi ya boma ya Seguro Popular, imene inayamba mu 2004 n'kufikira anthu opitirira 50 miliyoni. Inali ndi zofooka zake, ndipo nkhani za ndalama zosokonekera m'maboma a m'madera zinalipo. Pulezidenti Andrés Manuel López Obrador anaithetsa n'kuika bungwe latsopano la INSABI mu Januwale 2020, miyezi iwiri Covid-19 isanafike. Mu 2023 INSABI nayo inathetsedwa, ntchito yake n'kupita ku IMSS-Bienestar. Kagulidwe ka mankhwala kanasinthidwanso kangapo, mankhwala n'kumasowa m'zipatala, mpaka boma linatsegula nkhokwe yaikulu ya mankhwala ku Huehuetoca mu Disembala 2023 pofuna kuzimitsa madandaulo.

Bungwe la CONEVAL, lomwe linkayeza umphawi, linapeza kuti anthu onena kuti alibe mwayi wa chithandizo cha zaumoyo anakwera kuchoka pa 20 miliyoni mu 2018 kufika pa 50 miliyoni mu 2022. Oikira kumbuyo boma amati ambiri mwa iwo anali ndi ufulu wothandizidwa, kungoti sankadziwa dzina la bungwe latsopano. Mwina n'zoona. Koma munthu amene sakudziwa khomo loti agogode, ndipo palibe chikumupweteka, sagogoda paliponse.

Mpata umenewu wadzazidwa ndi tizipinda ta madokotala tomatidwa ku mafamase. Otchuka kwambiri ndi a Farmacias Similares, amene chidole chawo cha dokotala wa ndevu zoyera za pamlomo, Dr. Simi, chinatchuka mpaka achinyamata amachiponyera oimba pa nsanja. Tizipindati n'totchipa, tili pafupi, mzere ndi waufupi, ndipo sindinganyoze mayi amene amapita kumeneko m'malo motaya tsiku lonse la geni pa benchi ya chipatala cha boma. Pa chifuwa ndi kutsegula m'mimba timathandiza. Koma dongosolo lake ndi la kubwera, kulandira pepala, kugula khomo lotsatira, n'kumapita. Matenda a zaka 30 salongosoka ndi maulendo osalumikizana otere.

Palinso msampha wina umene chizindikiro cha Mexico chija chimatchera madokotala ndi odwala omwe. Pepala la ku labu likabwera, nambala yoopsa m'maso imakhala ya triglyceride, 280 kapena 350, pomwe LDL akuoneka ngati wangokwera pang'ono. Mtima umathamangira kutsitsa nambala yaikuluyo ndi mankhwala a gulu la fibrate, monga bezafibrate amene ndi wodziwika kwambiri kumeneko. Nambala imatsikadi, wodwala n'kusangalala. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2022 kafukufuku wotchedwa PROMINENT anayesa pemafibrate pa anthu opitirira 10,000 odwala shuga, okhala ndi triglyceride wokwera ndi HDL wotsika, chithunzi chenicheni cha wodwala wa ku Mexico. Triglyceride anatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Matenda a mtima ndi sitiroko sizinachepe. Za HDL nazo n'chimodzimodzi. Mu Disembala 2006 kampani ya Pfizer inaimitsa kuyesa torcetrapib, mankhwala amene ankakweza HDL kwambiri, chifukwa omwa ankamwalira ochuluka kuposa osamwa. HDL wotsika ali ngati utsi wosonyeza kuti penapake pakuyaka, ndipo kukupiza utsi sikuzimitsa moto. Fibrate ali ndi malo ake, makamaka triglyceride akafika pa mlingo woopseza kapamba. Kwa ena onse, triglyceride amatsika ndi kusiya botolo, kuchepetsa mowa, kuyenda ndi kuphwetsa mimba, pomwe piritsi loteteza mtima ndi lotsitsa LDL.

Ndikudziwa zimene anzanga a zaumoyo wa anthu angandiyankhe. Adzati ukufuna kusandutsa dziko lonse odwala, ukufuna kuti makampani azigulitsa shuga m'mawa ndi mapiritsi madzulo. Mantha amenewa ndi omveka, chifukwa makampani a zakumwa amakonda kwambiri nkhani yoti vuto ndi la munthu payekha, adziletse, azithamanga, akaonane ndi dokotala. Koma sindikupempha kuti msonkho uchotsedwe. Ndikadakonda utakwera mpaka botolo lizipweteka m'thumba. Chimene ndikukana n'chakuti bambo amene analeredwa ndi botolo boma likuyang'ana, lero auzidwe kuti chithandizo chake ndi chidindo chakuda. Iye ndi amene akulipira msonkhowo pa kauntala. Ndalama zake zimalowa m'thumba lalikulu la boma, ndipo sanalonjezedwe kuti zidzabwerera kwa iye ngati kabotolo ka magazi ndi mapiritsi 30.

Ena adzati kuyeza akuluakulu onse m'dziko la anthu opitirira 126 miliyoni n'kodula. Sipofunika kuyambira pamenepo. Pali gulu limene likudziwika kale, lili ndi makadi, limabwera lokha pa mzere: odwala shuga, odwala BP, ndi amene anagwapo kale ndi mtima kapena sitiroko. Malangizo a madokotala m'mayiko ambiri amagwirizana kuti wodwala shuga wa zaka 40 kupita m'tsogolo ayenera kulandira statin ngakhale cholesterol wake asakuoneka woopsa. Ndipo ku Mexico kulemera kwa nkhaniyi kunayezedwa. Pakati pa 1998 ndi 2004 ofufuza a ku Mexico ndi a ku Oxford analemba anthu pafupifupi 150,000 a ku Coyoacán ndi Iztapalapa, madera awiri a mu Mexico City, n'kumawatsatira. Mu 2016 analengeza kuti matenda a shuga anali kumbuyo kwa gawo limodzi mwa magawo atatu a imfa zonse za anthu a zaka 35 mpaka 74, makamaka kudzera mu impso, mtima ndi matenda oyamba ndi tizilombo. Anthu amenewa sakubisala. Palinso mabanja amene cholesterol wokwera kwambiri amayenda m'magazi mwawo kuchokera kwa kholo kupita kwa mwana, munthu mmodzi mwa 250 kapena 300, amene amagwa ndi mtima ali ndi zaka 40. Mukapeza mmodzi, mwapeza khomo loyezera abale ake onse.

Kwathu kuno nkhaniyi ingaoneke ya kutali. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza cholesterol wokwera mwa Amalawi pafupifupi 9 pa 100 a zaka 25 mpaka 64, kutali kwambiri ndi Mexico. Koma kafukufuku yemweyo anapeza BP yokwera mwa munthu mmodzi mwa atatu, ambiri osadziwa, ndipo ife tidakali kuyamikira mnzathu kuti wanenepa, zikumuyendera. South Africa inaika msonkho wake wa shuga mu 2018. Tsiku limene nafe tidzakambe zotengera Mexico, nduna ya zachuma idzakonda mbali ya msonkho, poti imabweretsa ndalama. Mbali inayo imadya ndalama, ndipo ilibe chithunzi chokongola choika pa nyuzipepala.

Tiyerekeze mayi wa zaka 52 wa ku Iztapalapa, wogulitsa tamales pa siteshoni m'mawa uliwonse. Shuga anamupeza zaka 6 zapitazo. Botolo anachepetsa, mwina chifukwa cha mtengo, mwina chifukwa mdzukulu wake amamuwerengera zidindo. Lero wasiya mphika ndi mwana wake wamkazi, wakhala pa benchi maola atatu, wabayidwa chala, wapatsidwa metformin, mankhwala a shuga. Lipoti la ENSANUT likadzatulukanso, ndidzadumpha masamba a malita ndi makilogalamu, ndikafune tsamba limodzi lonena kuti mwa amayi 100 onga iyeyu, ndi angati anatuluka pa windo lija ali ndi paketi yachiwiri, ya statin, m'manja, ndipo ndi angati anaipezanso mwezi wotsatira.